Kodi kafukufuku wa mbewu zatsopano za tirigu angatipindulire chiyani ife a ku Blantyre?

Nachisale, Ndirande

Akuluakulu nonse, landirani moni. Ndili ndi bekale yaing'ono kuno ku Ndirande, momwe timaphika buledi, masikono ndi mandasi, ndipo chimene chimatidyera ndalama kuposa china chilichonse ndi fulawa. Kuyambira mu 2022, pamene nkhondo ya Russia ndi Ukraine inasokoneza malonda a tirigu, kenako kwacha n'kuchepetsedwa mphamvu mu Meyi chaka chomwecho ndiponso mu Novembala 2023, mtengo wa thumba la fulawa sunatsikenso, moti ambiri a ife timangochepetsa kukula kwa sikono poopa kuthamangitsa makasitomala.

Ndakhala ndikumva pa wailesi kuti akatswiri m'mayiko osiyanasiyana akufufuza mitundu ya tirigu yopirira kutentha ndi matenda, yosalira feteleza wambiri, komanso yokhala ndi michere yochuluka yofunika m'thupi. Ndiye ndili ndi mafunso awiri. Kodi kafukufuku ameneyu ndi wa mayiko ozizira okha, kapena angathandize kuti tirigu azilimidwa mokwanira kuno kwathu, tisiye kudalira wa kunja? Chachiwiri, akamanena kuti tirigu wina ndi wopatsa thanzi, kodi ubwino wakewo umafika mpaka mu buledi amene mwana wa sukulu amagula pa okala m'mawa?

Angozo, Bvumbwe

Mayi Nachisale, mwafunsa bwino, ndipo ndiyankha monga munthu amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Tirigu amene amalimidwa m'dziko muno sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a tirigu amene timadya. Wotsalayo amabwera pa sitima za pamadzi kudzera m'madoko a Nacala ndi Beira ku Mozambique, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe tonse tikudziwa mmene zikusowera. Wathu wochepayo amalimidwa m'madera okwera monga Tsangano ku Ntcheu, Neno, Dedza ndi mbali zina za Rumphi, chifukwa tirigu ndi mbewu yokonda kuzizira, makamaka pa nthawi imene ngala zikukhwima.

Kafukufuku amene mwamvayo si wa mayiko ozizira okha ayi. Mitundu yambiri ya tirigu imene imalimidwa mu Africa ndi ku Asia inachokera ku bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT, lomwe likulu lake lili ku Mexico. Kumeneko n'kumene Norman Borlaug ankagwira ntchito, ndipo iye ndi anzake anakwatitsa tirigu wa ku Mexico ndi mitundu yochokera kwa tirigu wamfupi wa ku Japan wotchedwa Norin 10, n'kupeza tirigu wa mapesi aafupi ndi olimba, amene sagwa pansi ngakhale wathiridwa feteleza n'kubereka ngala zolemera. Mbewu zimenezi ndi zimene zinachulukitsa zokolola ku India ndi ku Pakistan m'zaka za m'ma 1960, ndipo Borlaug analandira mphoto ya Nobel mu 1970. Njira yake sinasinthe kwenikweni mpaka lero. Ofufuza amatenga mungu wa mtundu wina n'kuuika pa duwa la mtundu wina, amabzala ana ake ambirimbiri, amasankhapo ochepa amene aonetsa khalidwe lofunikalo, ndipo amabwereza kusankhako nyengo ndi nyengo kufikira mtunduwo utakhazikika. Kuchokera pa kukwatitsa kufika poti mlimi wagwira mbewu m'manja, nthawi zambiri pamadutsa zaka pafupifupi khumi.

Kwa ine, mbali ya kafukufukuyu imene ikutikhudza kwambiri ndi ya matenda, ngakhale kuti pa wailesi amakonda kutchula za kutentha. Pali matenda a dzimbiri, amene amaoneka ngati fumbi lofiirira pa phesi ndi pa masamba, ndipo mukadutsa m'munda wogwidwa nawo buluku limatuluka litafiira mpaka m'mawondo. Dzimbiri la pa phesi limatseka njira ya madzi ndi chakudya chopita ku ngala, phesi limafooka n'kuthyoka, ndipo mlimi amakolola timbewu tofota topanda ufa. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu, tirigu wambiri padziko lapansi ankatetezedwa ndi jini (kachigawo ka chibadwa cha mbewu kamene kamaipatsa khalidwe linalake) yotchedwa Sr31, koma mu 1998 ku Uganda kunapezeka mtundu wa dzimbiri umene unagonjetsa chitetezo chimenecho, ndipo anaupatsa dzina loti Ug99. Timbewu ta matendawa timauluka ndi mphepo mitunda italiitali, kotero kuti mitundu ya m'banja la Ug99 inafika ku Kenya, Ethiopia, Yemen ndi Iran, ndiponso kuno kummwera ku Tanzania, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. N'chifukwa chake ku Njoro m'dziko la Kenya kuli minda ya kafukufuku komwe mayiko ambiri amatumiza mitundu yawo ya tirigu kuti ikabzalidwe dala pakati pa matendawa, aone imene ipulumuke.

Phunziro limene ofufuza anatolapo n'lakuti kudalira jini imodzi yamphamvu n'koopsa. Ku Ethiopia alimi ambiri anathamangira mtundu wotchedwa Digalu chifukwa unkapirira Ug99, koma mu 2013 kunabuka mtundu wina wa dzimbiri umene unawononga Digalu m'minda yambiri. Lero akatswiri amayesetsa kusonkhanitsa majini angapo mu mtundu umodzi wa tirigu, kuphatikizapo amene paokha ali ndi mphamvu yochepa, kuti matenda akabwera azifala pang'onopang'ono, mbewu n'kukhwima asanaiwononge.

Palinso matenda ena amene ali pakhomo pathu penipeni, otchedwa wheat blast, omwe amaumitsa ngala n'kuiyeretsa mbuu phesi likadali lobiriwira. Anayamba kuoneka ku Brazil mu 1985, anafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo mu nyengo ya 2017 mpaka 2018 anapezeka m'boma la Mpika ku Zambia, m'chigawo cha Muchinga chomwe chinachita malire ndi kumpoto kwa dziko lathu. Matendawa amakonda nyengo yofunda ndi yachinyezi, ndipo amayenda ndi mbewu, choncho aliyense amene akuganiza zolowetsa mbewu ya tirigu mozemba kuchokera kwa anansi athu adziwe kuti akhoza kutibweretsera chinthu chimene sitingachichotsenso.

Mwana wa ku Tsangano, Bangwe

Bambo Angozo, zonse mwafotokozazi n'zomveka, koma mundilole ndinene mmene zinthu zilili kwathu, chifukwa ine ndinakulira m'munda wa tirigu. Kwathu tirigu timabzala mvula ikamapita kumapeto, ndipo amakula ndi chinyezi chotsalira m'nthaka pamodzi ndi nkhungu ndi mawawa a m'miyezi yozizira. Ambiri amangomwaza mbewu ndi manja, ndipo mbewu yake ndi ya m'nkhokwe, yomwe agogo athu ankabzala, yosakanikirana kotero kuti m'munda umodzi mumapeza tirigu wamtali ndi wamfupi, wina wapsa wina akadali wamuwisi. Ngala zikayamba kukhwima ana amakhalira kuingitsa mbalame kuyambira mbandakucha. Pokolola timamweta ndi chikwakwa, timamanga mitolo, timamenya ndi ndodo pa masaka kapena pa bwalo lozira, ndipo amayi amapeta ndi lichero. Ngakhale apete chotani, timiyala ndi mchenga sizilephera kutsalira.

Ndiye funso langa kwa inu akatswiri n'lakuti, mbewu zopirira dzimbiri zimene mukunenazi, mlimi wa ku Tsangano akazigule kuti? Mukalowa m'sitolo za zipangizo zaulimi mu Limbe mupezamo mbewu ya chimanga ya mitundumitundu, ya soya, ya nyemba ndi ya ndiwo zamasamba, koma ya tirigu simuiona. Ndipo mlimi akakolola matumba ake ochepa, amene amamugula ndi mavenda, pa mtengo umene iwo anena, chifukwa makampani aakulu ogaya tirigu amafuna katundu wambiri nthawi imodzi, woyera ndi wofanana, ndipo msewu wochokera ku Tsangano kudzera ku Neno kukafika ku Mwanza mumaudziwa mmene umavutira. N'chifukwa chake achinyamata ambiri kwathu asiya tirigu n'kulimbikira mbatata ya kachewere, imene galimoto zimabwera zokha kudzanyamula. Sindikunyoza kafukufuku, koma mbewu yabwino imene yangokhala pa siteshoni ya kafukufuku sinathandizepo munthu.

Nangondo, Chilomoni

Ine ndiyankhe funso lachiwiri la Mayi Nachisale, popeza ntchito yanga ndi ya kadyedwe koyenera. Michere imene ofufuza akulimbana nayo kwambiri mu tirigu ndi zinki ndi ayironi. Zinki amathandiza mwana kukula ndi kulimbana ndi matenda monga kutsegula m'mimba, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 10 alionse amene anayezedwa kuno ku Malawi anali operewera zinki, pamene ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Choncho vutolo ndi lathu ndithu.

Ntchito yobereketsa tirigu wa zinki wochuluka yatsogozedwa ndi CIMMYT pamodzi ndi HarvestPlus, pulogalamu yolimbikitsa mbewu zokhala ndi michere yochuluka, ndipo anachita kubwerera ku mitundu yamakolo ndi ku udzu wakutchire wa pachibale ndi tirigu kuti apeze khalidwe limeneli. Ku Pakistan kunatulutsidwa mtundu wa Zincol mu 2016 ndi wa Akbar mu 2019, ndipo ku Bangladesh kunatulutsidwa BARI Gom 33 mu 2017, umene uli ndi zinki wochuluka komanso umapirira wheat blast imene Bambo Angozo atchula. Zimenezi n'zofanana ndi zimene tinaziona kale kuno pa mbatata yofiira m'kati monga Kadyaubwerere ndi Chipika, pa chimanga cha olenji, ndi pa nyemba za NUA45.

Koma pali chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira. Ku Pakistan ndi ku India anthu amadya chapati tsiku lililonse, ndipo ufa wake umagayidwa ndi gaga yemwe, pamene ife tirigu timamudya ngati buledi woyera, sikono ndi mandasi. Zinki ndi ayironi wambiri amakhala m'khungu la njere ndi m'kamtima kake, zomwe makina amachotsa popanga fulawa yoyera. Nkhani yake ndi yomwe ija ya mgaiwa ndi ufa woyera: tikakonola chimanga, n'kuchiviika, n'kutaya madzi ake, nsima imayera bwino koma zabwino zambiri zapita ndi madeya kwa nkhumba. Tirigu wa zinki wochuluka amasiyabe zinki wokwererapo mu fulawa yoyera poyerekeza ndi tirigu wamba, koma phindu lalikulu amalipeza ndi amene amadya buledi wa bulauni weniweni. Ndanena kuti weniweni chifukwa buledi wina amangokhala wofiirira maonekedwe okha, gaga ali wochepa.

Pakali pano chimene chikuteteza mwana wogula buledi pa okala ndi lamulo lakuti makampani ogaya azithira michere mu fulawa, monga mmene amathirira vitamini A mu shuga ndi m'mafuta ophikira ndiponso ayodini mu mchere, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi amene amayang'anira zimenezi. Choncho, Mayi Nachisale, pogula fulawa muziona ngati thumba lili ndi chizindikiro chosonyeza kuti muli michere yowonjezera. Chinanso chimene chili m'manja mwanu ndi nthawi yotupitsa. M'gaga muli asidi wina amene amamanga zinki ndi ayironi kuti thupi lisazitenge mosavuta, ndipo ufa wokanda ukakhala nthawi yaitali ukutupa ndi yisiti, asidiyo amachepa. Buledi wa bulauni wotupitsidwa mosathamanga amaposa sikono ya soda pa nkhani imeneyi.

Kunena mosabisa, m'dziko limene chakudya chenicheni ndi nsima, tirigu wa zinki sangakhale chida chachikulu chothetsera kupinimbira, makamaka kumudzi komwe buledi amadyedwa mwa apo ndi apo. M'tauni ngati muno, momwe mabanja ambiri amafisula ndi tiyi ndi buledi kapena mandasi, angathandizeko ndithu.

Nachisale, Ndirande

Zikomo kwambiri nonse. Zimene anena achimwene a ku Tsangano zandikumbutsa kuti ndinayesapo fulawa ya tirigu wa konkuno, yogayitsa pa chigayo wamba. Mandasi ndi chapati zinatuluka bwino, fungo lake linali lokoma, koma buledi anakana kutupa, anatuluka wolemera ndi wophwanyika podula. Kodi vuto linali mbewu kapena kagayidwe? Komanso, Bambo Angozo, makasitomala ena akamva za mbewu zatsopano amafunsa ngati ndi za GMO, zija zosinthidwa chibadwa mu labotale, ndipo ine ndimasowa chowayankha.

Angozo, Bvumbwe

Mayi, zonse ziwiri zikhoza kukhala zinathandizira, koma kawirikawiri gwero lake limakhala mbewu ndi kadyetsedwe kake m'munda. Chimene chimatupitsa buledi ndi mapuloteni a mu tirigu otchedwa gluten, amene amachititsa ufa wokanda kutamuka n'kusunga mpweya wochokera ku yisiti. Fulawa ya buledi imafuna mapuloteni okwana pafupifupi magawo 11 mpaka 13 pa 100, ndipo akhale a mtundu wolimba. Mtundu wa mapuloteniwo umachokera ku chibadwa cha mbewu, koma kuchuluka kwake kumadalira nayitrojeni amene mbewu yapeza m'nthaka, choncho tirigu wa m'munda wosathira feteleza amakhala wa mapuloteni ochepa ngakhale mbewu ikhale yabwino. Mvula kapena nkhungu ikanyowetsa ngala zokhwima, njere zimayamba kumera zikadali m'munda, ndipo fulawa yake imatulutsa buledi womata m'kati. N'chifukwa chake ofufuza enieni sayang'ana matumba pa hekitala okha, koma amagaya tirigu wa mtundu uliwonse n'kuphika timabuledi toyesera asanauvomereze, ndipo makampani ogaya amasakaniza tirigu wa mitundu ingapo kuti fulawa ya mwezi uno ifanane ndi ya mwezi watha.

Apa m'pamene pakubwera nkhani ya feteleza, imene ikundisangalatsa kwambiri pa zonse zimene zikufufuzidwa. Tikathira yureya m'munda, tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa msanga kukhala nayitrojeni wa mtundu wosavuta kukokoloka ndi madzi, ndipo wina amathawira m'mlengalenga ngati mpweya wowonjezera kutentha kwa dziko, moti mbewu nthawi zambiri sigwiritsa ntchito ngakhale theka la feteleza amene mlimi wagula. Mu 2021 ofufuza a bungwe la JIRCAS la ku Japan pamodzi ndi a CIMMYT analengeza kuti anakwanitsa kulowetsa mu tirigu wamakono khalidwe lochokera ku udzu wakutchire wotchedwa Leymus racemosus, umene mizu yake imatulutsa timadzi tochepetsa liwiro la tizilomboto, kotero kuti nayitrojeni amakhalitsa pafupi ndi mizu. Kwa mlimi wathu amene thumba limodzi la feteleza amalipeza movutikira, mbewu yotere ingakhale yaphindu kuposa yobereka kwambiri koma yofuna matumba ambiri.

Kubwerera ku mbewu zakale kukuchitikanso ku England. Ku malo a kafukufuku a John Innes Centre mumzinda wa Norwich amasunga mitundu yamakolo ya tirigu imene katswiri wa zomera Arthur Watkins anasonkhanitsa kuchokera m'mayiko 32 m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Mu 2024 ofufuza atawerenga chibadwa cha mitundu 827 ya m'nkhokwe imeneyi, anapeza kuti tirigu wamakono anachokera m'magulu awiri okha mwa magulu asanu ndi awiri a makolo ake, kutanthauza kuti mbali yaikulu ya chuma cha chibadwa sinagwiritsidwepo ntchito. Zimenezi zatheka chifukwa mu 2018 akatswiri anamaliza kulemba ndondomeko ya chibadwa cha tirigu, ntchito imene inachedwa poti chibadwa chake n'chachikulu kuwirikiza kasanu cha munthu. Tsopano wofufuza angathe kudula kansonga ka tsamba la mbande, n'kudziwa ngati jini yofunikayo ilimo, osadikira kuti mbewu ikule. Ena amakulitsa tirigu m'nyumba zowala ndi magetsi maola 22 pa tsiku n'kupeza mibadwo mpaka isanu ndi umodzi pa chaka. Achimwene a ku Tsangano, mbewu ya agogo anu imene mukuti ndi yosakanikiranayo musaitaye yonse, chifukwa yapirira nthaka ndi nyengo ya kumeneko kwa zaka zambiri, ndipo malo ake oyenera ndi nkhokwe ya mbewu ya dziko ku Chitedze.

Pa za GMO, zonse ndatchulazi, kuphatikizapo tirigu wa zinki ndi wopirira dzimbiri, zinapezeka pokwatitsa mbewu ndi kusankha. Tirigu wa GMO alipo, wotchedwa HB4, amene anaikidwa jini ya mpendadzuwa kuti azipirira chilala, ndipo dziko la Argentina linamuvomereza mu 2020, koma ameneyo ndi nkhani ina yapadera.

Za kutentha ndinene mwachidule. Akatswiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, zokolola za tirigu padziko lonse zimatsika ndi pafupifupi magawo 6 pa 100, chifukwa njere imakhwima mothamanga isanadzaze. Komabe bungwe lofufuza za ulimi wa m'madera ouma la ICARDA ndi ofufuza a ku Sudan atulutsa mitundu imene ikulimidwa ndi mthirira m'madera otentha a ku Sudan, kumpoto kwa Nigeria ndi m'zigwa za ku Ethiopia. Anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe amalima tirigu wawo wambiri ndi mthirira m'miyezi yozizira, ndipo kuno kwathu mu 2023 kunakololedwa tirigu wa mthirira pa munda waukulu ku Mpale m'boma la Dowa. Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kupita m'chigwa cha Shire ingapereke mwayi woyesera mitundu yopirira kutentha ku Chikwawa, malinga ibzalidwe molawirira kuti njere zidzaze mu Julayi ndi Ogasiti, dzuwa la Seputembala lisanafike. Ine ndingayambe ndi madera okwerako amene ali ndi madzi, chigwacho n'kuchiyesa pang'onopang'ono pa siteshoni ya kafukufuku ya Kasinthula.

Mwana wa ku Tsangano, Bangwe

Bambo Angozo, ndamva, ndipo za ku Chitedze ndikawafotokozera akuluakulu kumudzi. Koma ndikuonabe kuti pa mayankho onsewa palibe amene wanena yemwe adzachulukitse mbewu. Tirigu amadzipatsa yekha mungu, choncho mlimi akagula mbewu kamodzi amatha kusunga yake kwa nyengo zingapo osaona kusintha kwakukulu, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake makampani a mbewu sachita nayo chidwi monga amachitira ndi chimanga cha haibulidi chimene timagula chaka ndi chaka. Ngati zili choncho, ntchitoyi iyenera kugwiridwa ndi nthambi ya boma ya kafukufuku pamodzi ndi makalabu a alimi, ndipo kampani yogaya ilonjeze mtengo mbewu isanalowe m'nthaka, itibweretserenso makina opunthira kuti mchenga uja uthe. Mayi Nachisale, inu ophika mandasi ndi chapati simufuna fulawa yamphamvu ngati ya buledi, ndiye mutagwirizana angapo a ku Ndirande ndi ku Limbe n'kumagula mwachindunji ku kalabu ya kwathu, ine ndikhoza kukulumikizitsani nawo nyengo yokolola isanafike, kuti mudzaone nokha tirigu wake ndi kukambirana mtengo.